Wanena ndi Jekete

Kuseri kwa depoti ya mabasi kuli sitolo ya zitsulo yokhala ndi khonde lalitali. Pakhonde pamenepo pamakhala makina osokera akuda, oponda ndi phazi, amene akamasoka mumayesa nkhalamba ikutsokomola. Mwini wake ndi mayi wamfupi, wa magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Dzina lawo lenileni linafufutika kalekale ngati choko cholembera pansalu. Anthu onse, ngakhale apongozi awo, amangoti Mayi Telala. Kusoka anaphunzira ali mtsikana, kwa azakhali awo aukali amene ankamasula msoko uliwonse wokhota n'kuwauza kuti ayambirenso. Azakhaliwo anapita, koma ukali wa pamsoko unatsala. Mukawapeza mayiwa ali ndi maphini kukamwa, musavutike kuwalonjera. Amayankha ndi nsidze.

Mayi ofatsa chonchi anakwatiwa ndi phokoso. Uku si kunyoza ayi, ndilo dzina limene tauni inapatsa amuna awo. A Phokoso ndi ometa, ndipo kachipinda kawo ka malata kali kumapeto kwa khonde lomwelo. Amati tsiku loyamba anabwera kwa mayiwa ndi thalauza long'ambika, mawa lake anabwera nalo litang'ambika pena, mkuja wake penanso, mpaka thalauza linatha, n'kutsala ukwati. Masiku amenewo akafunsa munthu ali pampando kuti, "Tichotse lonse?" amene ankayankha anali makondakitala a ku depoti. Mulungu pogawa mawu anawapatsa ndi a akazi awo omwe, n'chifukwa chake mayiwo anatsala ndi nsidze zokha.

Mawu oterowo sakanathera pamitu ya anthu. Loweruka ndi Lamulungu masana a Phokoso ankatseka mometera n'kupita ku holo ya m'tauni, kumene gulu la zisudzo linkakumana. Gulu lake ndi la anthu wamba: makalaliki, ogulitsa mumsika, mlonda wina wa pasitolo, ndi Aphunzitsi a kupulayimale amene amalemba masewerowo ndi nyimbo zake zomwe. Mayi Telala analowamo potsatira zovala. Poyamba ankangosokera mabatani, mapeto ake bokosi lonse la zovala za gulu linali m'manja mwawo. Pasiteji anali asanapondepo. Malo awo anali kuseri kwa katani, pakampando kopanda chotsamira, singano itabayidwa pachifuwa cha diresi.

Aphunzitsi ali ndi kamatenda kawo. Sewero lililonse amaikamo munthu mmodzi wodziguguda pachifuwa, wonyoza tsoka. Uja amati, "Galu ameneyu saluma," kapena, "Mfuti iyi mulibe chipolopolo," kapena, "Mundidikire, ndibwera dzuwa lisanalowe." Oonera anazolowera. Munthu akangotulutsa mawu otero, holo yonse imakuwa pamodzi kuti, "Wapita ameneyooo!" Ndipo amapitadi. Gawo limeneli linali la a Phokoso. Anafa ndi mphenzi, anafa ndi njoka, anagwa padenga, anamira, nthawi ina anafa ndi fupa la nkhuku. Lolemba m'mawa mumawapeza akumeta.

Tsono anthu azisudzo musawaone kulimba pakamwa, ndi amantha. Kale, a Phokoso asanatenge gawolo, kalaliki wina ananena zamwano zotero atavala malaya ake omwe anachoka nawo kunyumba. Sabata yomweyo anagwera m'ngalande n'kuthyoka mwendo. Zoti anali atamwa palibe anazikumbukira. Kuyambira pamenepo gulu linadzipangira lamulo lakuti mawu onyoza imfa munthu asanene ali m'zovala zake. Anapeza jekete lakale labulauni, la mabatani achitsulo, ndipo wonena zamwano ankavala limenelo. Akatuluka pasiteji ankalunjika kwa Mayi Telala, iwo n'kumufunsa, "Wanena ndani?" Iye n'kuyankha, "Wanena ndi jekete." Akatero ankamuvula, n'kulitembenuza kunja kukhala mkati, n'kulikoloweka pamsomali. Basi, mlandu watha. Imfa ikafuna wolankhula ikafunse msomali.

Ena ankachita zimenezi moseka. Mayi Telala sankaseka. Munthu amene amamva mwamuna wake akuitana imfa sabata iliyonse amafuna pogwira. Zaka zonsezo a Phokoso sanadwalepo matenda ogoneka munthu, ndipo mayiwo mumtima mwawo ankadziwa woyenera kumuthokoza.

Kenako chakudya chinayamba kubwerera m'mbale. A Phokoso ankati alibe njala, ankati m'mimba mwangodzaza mpweya. Lamba anamuboola bowo latsopano, posakhalitsa linanso. Mwana wawo wamkazi, amene amagwira ntchito kutali, atabwera kudzacheza sanafunse zambiri, anangowakokera kuchipatala. Madokotala anaunika n'kupeza chotupa m'mimba. Anati agonekedwe Lamulungu madzulo, Lolemba m'mawa opaleshoni.

Lamulungu lomwelo masana kunali sewero latsopano.

"Inu abambo, gawo limenelo mupatseni wina," anatero Mayi Telala m'mawa, akusita malaya oyera oti amuna awo akalowe nawo m'chipatala.

"Ndimupatse ndani? Mlonda uja? Mawu ake ngati mphaka wagwera m'chidebe? Mayi, anthu akubwera kudzandiona ine ndikufa. Ndiwakhumudwitse?"

"Pakamwa panupo!"

"Ababa, adokotala anati mupume," anatero mwana uja ali pakhomo.

"Ndikapuma kumeneko, mwanawe, mabedi ndi ambiri. Tikatuluka mu holo tilunjika konko. Nanga amayi akowa akuopa chiyani? Si jekete lilipo?"

Pamenepo mayiwo anangopitiriza kusita, poti wosunga lamulo anali iwo omwe.

Atafika ku holo, a Phokoso analiyesa jekete lija m'kachipinda kovalira, pamwamba pa malaya oyera aja. Linawalendewera ngati likadali pamsomali. Mapewa anagwera m'zigongono, mikono inabisa zala. Anadziyang'ana pagalasi long'aluka la pakhoma, n'kukankha chitseko ndi phazi kuti chitsekeke. Ndiye analankhula motsitsa, chinthu chimene mayiwo sankadziwa kuti amuna awo amatha.

"Lichepetseni, mayi. Asaone."

Mayi Telala anayeza nthawi mumtima. A Phokoso salowa koyambirira. Pali gawo la kumsika, kenako nyimbo yaitali ya amayi ochapa, ija Aphunzitsi amabwereza ndime zake mpaka makanda kugona. Nthawi inalipo. Anatenga lezala n'kumasula misoko ya m'mbali, n'kuchotsa mikono yonse iwiri, poti jekete silichepa bwino mapewa osakhudzidwa. Makina anali kutali, kukhonde kuja. Apa inali ntchito ya singano ndi chala.

Sewero linayamba. Nkhani yake inali ya mwini lole wouma mutu, wofuna kuwoloka pamlatho mtsinje utasefukira. Mkazi wake wa m'seweromo anali mayi wa ku saluni amene gulu limamutcha Namfedwa, chifukwa ndiye ankawalira a Phokoso akafa, ndipo ankalira mokoma moti Mayi Telala nthawi zina ankamuyang'ana cham'mbali.

Misoko ya m'mbali inali itatha, mkono wamanja uli pakati, pamene magetsi anathima.

Holo inati, "Aaa!" Koma anali masana, mawindo ndi aakulu, palibe anadzuka. Kuseri kwa katani kokha ndiko kunada bii. Mayi Telala ananyamula jekete n'kuthamangira m'kachipinda kovalira muja, mmene muli kawindo kamodzi m'mwamba. Anaima pansi pake n'kupitiriza kusoka. Chimene sanaganizire n'chakuti limba la gulu ndi lamagetsi. Popanda limba, Aphunzitsi anakweza dzanja n'kudula nyimbo yonse ya amayi ochapa. Namfedwa, poona kuti pasiteji pangoti zii, analumphira mawu otsatira: "Ndikumva lole! Amuna anga afika!"

Ndiye mayiwo anamva mawu a amuna awo kudzera m'khoma:

"Mkazi iwe! Madzi a mu injini ali kuti?"

Singano inawabaya chala. Anayang'ana chimene chinali m'manja mwawo. Jekete lili kuno. Ndiye kuti amuna awo ali pasiteji m'malaya awo enieni, omwe aja asitidwa m'mawa, olowera m'chipatala.

Sewerolo ankalidziwa lonse pongolimva ali kuseri. Apempha madzi, akangana ndi Namfedwa za mvula, aimba kanyimbo ka lole, kenako atola makiyi patebulo, aima pakhomo n'kutembenuka. Mawu aja ali pakhomopo.

Anasoka. Sizinalinso zokongoletsa, kunali kungolumikiza, misoko italiitali ngati ya thumba la makala. Azakhali aja akanaona akanadzuka. Ulusi unaduka. Ananyowetsa nsonga ndi malovu, anailozetsa pabowo la singano, inapinda. Anayesanso, inapinda. Manja amene amalowetsa ulusi mwini wake akuyang'ana kumsewu, lero ankangophonya bowo. Kunja holo inaseka. Ndiye kuti mkangano wa mvula wafika pakati.

Ulusi unalowa. Kanyimbo kanayamba, kopanda limba, anthu akuthandiza ndi m'manja:

*Lole yanga ilibe mabuleki,*
*Mwini wake alibe mantha!*

Mkono wamanja unagwira. Wamanzere unali pansi, pafumbi. Anauyang'ana, anamvetsera pamene nyimbo yafika, n'kuusiya pomwepo.

Polowera pasiteji anakumana ndi Aphunzitsi atatambasula manja.

"Mayi, mukupita kuti? Sewero lili mkati!"

"Alibe jekete."

"Ndaona, koma nanga titani? Muwaveka akatuluka. Zija n'zongocheza, mayi, tinangopanga tokha. Nsalu ingamve chiyani?"

"Ngati n'zongocheza, mawa mukagone ndinu patebulo la adokotala."

Aphunzitsi anayang'ana jekete lija. Manja anatsika okha.

Siteji ndi malo onyenga, abale. Ukakhala kuseri imaoneka ngati kakhonde, ukapondapo imatalika ngati bwalo la mpira. Matabwa analira pansi pa mapazi awo. Kutsogolo kunali mitu yokhayokha, yambiri yometedwa ndi amuna awo, ndipo kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, mwana wawo anali chiimire, chikwama cha kuchipatala chili m'manja. Nyimbo inali itatha. A Phokoso anali atatola kale makiyi.

Namfedwa ndiye anayamba kuwaona, n'kuiwala kutseka pakamwa. A Phokoso anatembenuka. Munthu wazisudzo sagwa ndi zinthu zazing'ono.

"Mkazi iwe, waitanira ogulitsa kaunjika m'nyumba mwanga?"

Holo inaphulika. Wina kumbuyo anakuwa, "Ndi Mayi Telala! Abwera kudzatenga katundu wawo!"

Mayiwo anakweza jekete, ataligwira m'mapewa monga amachitira kuseri. "Valani."

"Ndivale? Ine? Thupi langa ndi ng'anjo, mayi, mvula ikandigwera imasanduka nthunzi! Ndiponso taonani, jekete lanulo linakamenya nkhondo iti, poti labwerako ndi mkono umodzi?"

Anthu anagwira nthiti. Koma Mayi Telala anali pafupi, ndipo pafupi pamaoneka zina. Kolala ya malaya inali italekana ndi khosi moti mukanalowetsamo dzanja. Thukuta linkatsika kuseri kwa khutu. Dzanja la makiyi linali litatsamira tebulo, osati mwamatama ayi, koma kuti mwini wake asagwe.

"Valani, abambo."

A Phokoso anawerama ngati akuyendera mabatani, nkhope ataibisa kwa anthu. Mawu anatuluka aang'ono, aja a m'kachipinda.

"Sindinaiwale, mayi. Nditamva akundiitana ndangoti ndilowe chonchi. Zaka zonsezi wolimba mtima ndi jekete. Ndisiyeni ndinene ndekha kamodzi kokha, mawa ndikalowe nawo mawuwo. Ndikuopa."

Liwu lomalizalo linawalasa kuposa singano ija. Kuyambira tsiku la thalauza long'ambika anali asanalimvepo pakamwa pamenepo. Manja awo anatsika pang'ono. Nanga munthu wopita kukang'ambidwa pamimba ungamumane chimene wapempha? Holo inali itayamba kukhala chete, anthu akudabwa kuti nthabwala yathera pati. Namfedwa ankangopotokola mpango wake, maso ali kwa Aphunzitsi.

"Inu mawa akakubayani jakisoni wa tulo," ananong'ona mayiwo. "Simukamva kanthu. Amene akakhale pabenchi panja, maso ali pachitseko, ndine. Mukufuna ndikakhale pamenepo mawu amenewo akulira m'makutu mwanga, ndikudziwa kuti munanena muli m'malaya amene ndinasita ndekha?"

A Phokoso anawayang'ana. Anayang'ana kadontho ka magazi pachala chawo. Kenako anaika makiyi patebulo, anatembenuka, n'kutambasulira manja kumbuyo ngati mwana amene akumuveka yunifolomu.

"Chabwino!" anabangula kuti holo yonse imve. "Ndivala, amayi awa atisiye. Koma mkono winawo mukaupeza, muuuze unditsatire kumlatho!"

Jekete linakhala bwino m'mapewa, pamenepo mayiwo sanalakwitse. Anamanga mabatani onse mpaka la pakhosi. Anayenera kutuluka tsopano, koma sanatuluke. Anangosunthira pambali pa tebulo n'kuima.

A Phokoso anatola makiyi, anapita pachitseko cha makatoni cha m'seweromo, anatembenuka. Anakoka mpweya, ndipo mawu akale aja anabwerera onse, mpaka malata a holo ananjenjemera.

"Mtsinje ndi madzi, ndipo madzi ine ndimasamba! Imfa ikandifuna iyambe yagula nsapato, chifukwa ithamanga mpaka zidendene kung'ambika. Ika mbale yanga patebulo, mkazi iwe. Madzulo ano ndidya pano!"

Ndipo holo yonse, monga mwa chizolowezi, mokondwa, ana ndi akulu omwe, inayankha:

"Wapita ameneyooo!"

Mawu amenewa Mayi Telala anali atawamva kambirimbiri ali kuseri, katani itawachepetsa mphamvu. Apa anawamenya kumaso. Tauni yonse, makasitomala awo omwe, kuloza amuna awo n'kumaseka. Kumbuyo kuja mwana wawo anali atagwira pakamwa. Mayi uja amayankha moni ndi nsidze anayenda mpaka kumapeto kwa siteji, zala za kumapazi n'kusuzumira pansi.

"Wapita ndani?" Mawuwo anadabwitsa ndi mwini wake yemwe. "Ndikufunsa inu! Wapita ndani? Wanena ndi jekete!"

Kenako anthu anafa nalo phwete, ena akuimba mluzu, ena akumenya mabenchi, poyesa kuti Aphunzitsi alemba zatsopano. Mayiwo sanadikire. Miyendo inawatulutsa mofulumira kuposa mmene inawalowetsera.

Lole ya makatoni itagwera mumtsinje wa nsalu yabuluu, Namfedwa n'kuyamba kulira kwake, a Phokoso anakwawira kuseri kwa katani. Kuimirira kunawavuta. Mayiwo anagwada pomwepo.

"Wanena ndani?"

"Wanena ndi jekete."

Anawavula, analitembenuza. Koma pamsomali sanalikoloweke. Analowa m'kachipinda muja, anatola mkono uja pafumbi, n'kukulunga zonse pamodzi kukhwapa.

Lolemba m'mawa, pabenchi ya m'khonde la chipatala, panakhala mayi wamfupi akusoka. Mwana wawo ankangozungulira, kukagula madzi osawamwa, kubwera, kupitanso. Chitseko chachikulu cha chipinda cha opaleshoni chinkatseguka, namwino n'kutuluka, n'kudutsa osayang'ana kumene iwo anali. Mayi Telala anamasula misoko yonse ya dzulo n'kuyambiranso, yaing'onoing'ono, yothithikana ngati mano a chipeso. Maganizo anali pa mkono wamanzere wa amuna awo, umene unali kunja kwa jekete mawu aja akunenedwa. Kodi mkono uli ndi gawo pa zimene pakamwa panena? Nanga mtima si uli mbali yomweyo? Dzuwa linachoka pawindo n'kukwera padenga. Anthu amene anawapeza pabenchipo anaitanidwa, ena anabwera n'kuitanidwanso. Atamaliza kulumikiza mkono anapeza kuti alibenso chosoka, ndipo mantha anawapeza manja ali chabe. Anadula mabatani onse n'kuyamba kuwasokereranso.

Anali pa batani la pakhosi pamene namwino anaima patsogolo pawo.

"Ndinu akazi awo a bambo ometa aja? Bwerani. Adzuka, koma musawalankhulitse kwambiri."

Anawapeza atagona chagada, otuwa, ochepa pakati pa nsalu zoyera, timapaipi tili uku ndi uku. Diripi inkadontha kulowa mumkono. Maso anatseguka pang'ono, milomo inagwedera. Mayiwo anaika khutu pafupi.

"Mayi... mkono uwu wachita dzanzi."

"Uti?"

"Wamanzere."

Mayi Telala anawongoka, anakankhira magalasi m'mwamba, nsidze zinakwera mpaka m'tsitsi. Namwino anayamba kufotokoza kuti ndi diripi chabe, zimatero ndi aliyense, koma ankalankhula ndi khoma.

"Mukanadikira ndimalize," anatero mayiwo. Kenako anakhala pansi pambali pa bedi, anaphimba nkhope ndi jekete lija, ndipo mapewa awo anayamba kugwedezeka.

A Phokoso anatuluka m'chipatala akuyenda ndi ndodo, ndipo ndodoyo anaitaya patapita miyezi. Mawu anabwerera theka. Masiku ano akafunsa kuti, "Tichotse lonse?" amayankha ndi amene ali pampando yekha. Pasiteji sanabwererenso. Amakhala kuseri kwa katani pambali pa akazi awo, atawagwirira kabokosi ka maphini, n'kumanyoza chapansipansi kafedwe ka anzawo. Jekete lija mayiwo anakana kulikulitsanso, ndiye Aphunzitsi ali pamavuto, chifukwa aliyense wonyoza imfa m'masewero awo ayenera kukhala wowonda. Panopa gawolo lili ndi mlonda uja wa mawu a mphaka. Asanalowe pasiteji, Mayi Telala amamumanga mabatani okha, amakoka mkono wamanja, amakoka wamanzere mwamphamvu mpaka mlondayo kupendekeka, n'kumuuza ndi nsidze kuti apite.